Abiti Sumani ndi Masamba a Anyezi

Uthenga wa maliro a Abiti Sumani unandipeza mochedwa. Anandiuza ndi mayi wina wa ku Ngokwe amene amagulitsa nandolo pamsika wa Balaka, ali mkati mondipimira nandoloyo. Anati gogoyo anamwalira Lachitatu m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atawaika kale, monga amachitira Asilamu. Sindinakhale nawo pasiwa ngakhale ola limodzi.

Munthu akamwalira timakonda kunena kuti anali wofatsa, wansangala, wokonda anthu. Za Abiti Sumani sindinganame choncho. Anali mayi wonyansidwa ndi zinthu, ndipo sankabisa. Anali ndi chipini pamphuno, ndipo akaona kanthu kauve mphunoyo inkakwinyika, chipini n'kukwera m'mwamba, kenako ankatulutsa liwu limodzi la Chiyao: "Ngwamba!" Ndiye kuti iyayi. Akatero nkhani yatha.

Ankaphika pa kachipatala kena kamene kanatsekedwa kalekale, kumidzi ya kuseri kwa Balaka, masiku amene Balaka inali idakali pansi pa boma la Machinga. Odwala ogonekedwa sankachuluka kwenikweni. Ambiri anali amayi odikira kuchira ndi ana otupa miyendo chifukwa cha kuchepa kwa chakudya m'thupi. Onsewo ankadya za m'manja mwa Abiti Sumani.

Zowanyansa zinali zambiri. Munthu wolawa ndiwo ndi chipande n'kuchibwezeranso mumphika ankamuona ngati walavulira m'chitsime. Ntchentche imodzi ikatera pambale, mbaleyo inkabwerera kukatsukidwa ndi phulusa. Anayambana chaka chathunthu ndi mlonda wa pachipatalapo chifukwa anam'peza akusambitsa mapazi pamjigo pomwe iwo ankatsukira ndiwo. Namwino wina analowa m'khitchini akuchokera kuwodi n'kutola tomato asanasambe m'manja. Abiti Sumani anatola tomato yemweyo ndi tsamba la nthochi, n'kumulondola namwinoyo mpaka pakhonde, n'kumupatsa kuti akadye yekha kunyumba kwake. Ankakonda kunena kuti wodwala sangathe kukana chimene wapatsidwa, choncho wophika ndiye ayenera kumukanira.

Kulemba sankadziwa, ndipo miyezo yawo inali itatu: dzanja, kapu yachitsulo yothothoka utoto m'mlomo, ndi mbale yakuya yoyera imene inkalowa makapu anayi. Mchere ankapima ndi dzanja, mafuta ndi kapu, ndiwo zamasamba ndi mbale. Anyezi weniweni anali wodula, chipatala sichinkamugula. Ankagula masamba ake kwa amayi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje, amene ankabwera nawo m'mawa ali omangamanga ndi luzi. Abiti Sumani ankamasula mtolo uliwonse, kuununkhiza, kuutembenuza. Wachikasu kapena wofota ankaubweza pomwepo, mwini wake akuona. Masamba amenewa ndiwo ankakometsa nyemba, nandolo ndi matemba. Wodwala amene wataya chilakolako cha chakudya ankadzuka chifukwa cha fungo lake.

Ine ndinafika pachipatalapo zaka zija boma linkati tisiye mapaundi tiyambe makilo. Ndinali mayi wa ana atatu, nditaphunzirako za kadyedwe, ndipo ananditumiza kukayang'anira zakudya. Ndinabwera ndi sikelo yatsopano ya kamuvi kozungulira, ndi lamulo lakuti chakudya chilichonse cholowa mumphika chizidziwika kulemera kwake. Ntchito yanga yoyamba inali yosandutsa makapu ndi mbale za Abiti Sumani kukhala magalamu.

Tsiku loyamba anaiyang'ana sikeloyo, n'kundiyang'ana ine.

"Aphunzi, chinthu chanuchi chili ndi mphuno?"

"Iyayi, amayi. Chimangoonetsa kulemera."

"Basi chiikeni uko, kutali ndi miphika yanga."

Anandipatsa dzina la aphunzi tsiku limenelo, ndipo silinachoke.

Ufa ndi nyemba sizinativute. Ukadzaza kapu n'kusalaza pamwamba, lero ndi mawa kulemera kumafanana. Masamba a anyezi ndiwo anatidyera masiku atatu athunthu. Ndikapima kapu m'mawa kamuvi kankaima pena, ndikapima masana kankaima penanso. Ndinayamba kuganiza kuti sikelo ndi yowonongeka. Abiti Sumani ankangondionera chapatali akusankha nyemba, mpaka tsiku lachitatu anatopa nane.

"Mukupima madzi, aphunzi. Mwangotsuka kumene n'kuthira m'kapu. Dzulo munatsendera ndi chala, lero simunatsendere. Dzana munadula zazitali ngati udzu wofolerera nyumba. Sikelo ikulakwa chiyani?"

Anandilanda mpeni. Anatsuka masamba, kuwakutumula, kuwayanika palichero pamthunzi mpaka madzi onse atauma, kenako n'kuwadula tating'ono, kukula ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Anawawaza m'kapu osatsendera, n'kusalaza ndi msana wa mpeni. Kamuvi kanaima pa magalamu 100. Anakhuthula n'kuyambiranso ndi masamba ena, kanaima pomwepo. Mbale yawo yoyera inakwana magalamu 400. Mphika waukulu wa nyemba unkafuna mbale ziwiri ndi theka, ndiye kuti kilo imodzi. Ndinalemba zimenezi papepala lolimba n'kulikhoma kukhoma.

Chodabwitsa n'chakuti sikeloyo anayamba kuikonda mobisa. Ndinawapeza tsiku lina ali okha akupima masamba onyowa ndi ouma mosinthanasinthana, akudzilankhulira m'Chiyao. Atandiona anati ankangofuna kudziwa ngati chinthucho chimanama. Anapeza kuti sichinama, koma n'chopusa, aliyense angathe kuchinamiza.

Anali atanena zoona, ndipo sitinachedwe kuziona.

Popeza tsopano zonse zinkayendera makilo, a Nkhoma, kalaliki wamkulu amene ankayendetsa za pachipatalapo, anati amayi a m'madimba aleke kubwera ndi timitolo tawo. Ndiwo zonse azibweretsa munthu mmodzi, a Thombozi. Ameneyu anali wamalonda wa galimoto yakeyake, membala wa komiti ya chipatala, ndipo baji ya chipani sinkachoka pachifuwa pake. Ankanena pena paliponse kuti ali ndi abale ake kumtunda. Masamba a anyezi ankakawagula motchipa cha ku Nselema, n'kuwanyika m'madzi kuti alemere, n'kuwatsendera m'thumba la pulasitiki la feteleza, n'kumanga kukamwa. Thumbalo linkazungulira naye pagalimoto padzuwa masiku awiri kapena atatu asanatipeze.

Sindidzaiwala tsiku limene tinamasula thumba loyamba. Pamwamba panali masamba obiriwira bwino, oyalidwa mwadala. Pansi pake panali chinthu china. Mpweya wotentha unatuluka ngati wa m'mimba mwa mbuzi yofa dzana. Masamba anali atasungunuka n'kusanduka phala lakuda lolenda, ukakweza tsamba limodzi linkabwera ndi ulusi wa ulenda. Fungo la anyezi wowola silifanana ndi fungo lina lililonse. Limakakamira kukhosi, limalowa m'nsalu, ndipo ngakhale usambe umalimvabe pakudya. Ine ndinathamangira kuseri kukasanza. Abiti Sumani anangoima, chipini chili m'mwamba.

Koma thumbalo pasikelo linakwana makilo khumi ndendende, ndipo pepala lolandirira katundu linkangofunsa kulemera. Ndinapita kwa a Nkhoma. Anandimvera akuyang'ana pawindo.

"Mayi, makilo akwana kapena sanakwane?"

"Akwana, koma ndi zowola."

"Papepalapo pali malo olemba fungo? Sainani. Inu muli ndi ana, ine ndili ndi ana. A Thombozi si munthu woyambana naye."

Ndinasaina. Ndinasainanso sabata yotsatira, ndi inzake. Zimenezi sindinaziuzepo ana anga mpaka lero.

Abiti Sumani ankatenga thumba lililonse n'kupita nalo kutali ndi khitchini, pansi pa mtengo wa bwemba. Ankalikhuthulira pansi ndi ndodo, atamanga mpango kumphuno, n'kumatola ndi timitengo tiwiri masamba ochepa amene anali abwino. Pa makilo khumi ankapulumutsa mbale zinayi kapena zisanu. Zotsalazo ankazikwirira. Ndiwo zinayamba kuzizira kukoma, odwala n'kumadandaula. A Nkhoma anabwera kukhitchini, anawerenga pepala langa lija kukhoma, n'kunena kuti makilo khumi ayenera kukwana miphika khumi, nanga bwanji akutha pa miphika iwiri. Anafunsa ngati masamba enawo sakupita kunyumba kwa wophika.

Ndinaganiza kuti Abiti Sumani awamenya ndi mthiko. Koma anangowatenga kupita nawo pansi pa bwemba paja n'kufukula dzenje ndi khasu. A Nkhoma anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Muziphika zonse," anatero ali chapatali. "Moto umapha tizilombo."

"Achimwene," anayankha Abiti Sumani, "mayi anu atagona muwodimu, ndiwaphikire zimenezi?"

A Nkhoma anati mayi awo asalowe m'nkhaniyi, ndipo anachoka.

Patapita milungu ingapo tinamva kuti kukubwera bwana wochokera kuboma kudzayendera chipatala. Tinasesa, tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, amayi a m'midzi anaitanidwa kudzavina. Nkhuku zinaphedwa za alendo. M'mawa wa tsikulo a Thombozi anatsitsa thumba lawo monga mwa masiku onse, n'kupita kukavala jekete kuti akakhale pamzere wa akomiti. Ndinaona kuti Abiti Sumani sanapite nalo thumbalo kubwemba. Analikokera kuseri kwa chitseko cha khitchini n'kulifunditsa chiguduli. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati ndisamale za sikelo yanga, ndiipukute bwino, lero ili ndi alendo.

Cha m'ma leveni gulu lonse linafika kukhitchini. Bwanayo anali wamtali, wa magalasi, wolankhula mofatsa. A Nkhoma anamuonetsa sikelo ndi pepala la kukhoma monyadira, akuti pano zonse zimayenda mwamakono. Bwana anawerenga n'kugwedeza mutu.

"Ndani anakonza zimenezi?"

"Ine ndi amayiwa, bwana," ndinayankha.

Abiti Sumani anapita patsogolo atanyamula mbale yawo yoyera yodzaza masamba abwino, odulidwa bwino, amene anagula ndi ndalama yawo kwa mayi wa kudimba. Anaiika pasikelo.

"Aphunzi, ine sindiwerenga. Awuzeni abwana, mbale iyi ya masamba a anyezi yalemera bwanji?"

Ndinachotsera kulemera kwa mbale n'kunena kuti magalamu 400.

"Chabwino. Tsopano tione mbale yomweyi ya masamba a a Thombozi."

Anakhuthula, n'kukoka thumba lija kuseri kwa chitseko, n'kulidula kukamwa ndi mpeni. Fungo linadzaza khitchini nthawi yomweyo. Amayi awiri a komiti anatuluka akuthamanga. Kenako Abiti Sumani anachita chinthu chimene sindinkaganiza kuti angachite pamoyo wawo. Mayi amene sankagwira tomato wokhudzidwa ndi dzanja losasamba anapinda mkono wa bulauzi n'kulowetsa dzanja lawo lamanja m'thumbamo mpaka m'chigongono. Anatapa phala lakudalo, kuthira m'mbale, kutapanso, mpaka mbale inadzaza. Madzi akuda ankayenderera pamkono n'kumadontha pachigongono. Mphutsi zoyera zinkayenda pakati pa zala zawo. Nkhope yawo inali itauma ngati thabwa.

Anaika mbaleyo pasikelo. Kamuvi kanathamanga.

"Werengani, aphunzi."

Mawu anga anatuluka aang'ono. Ndinati yatsala pang'ono kukwana kilo.

"Mbale ndi yomweyi, abwana. Masamba ndi magalamu 400. Nanga zinazo n'chiyani? Sikelo yati n'chakudya. Pepala lati n'chakudya. A Nkhoma ati ndiziphikira odwala. Ine ndine mbuli, mwina ndikulakwitsa. Mukandilola ndithira mbale iyi mu nkhuku yanu ya masana ano, mudye, mundiuze."

Ntchentche zinali zitayamba kale kulowa m'khitchini. Bwana anatulutsa kansalu m'thumba n'kutseka mphuno. A Thombozi ndiwo anayamba kukuwa. Anati mayiyu akunyoza chitukuko, akunyoza boma pamaso pa alendo, ndipo anthu otere amadziwika kumene amachokera. Anati aonetse khadi la chipani pomwepo ngati ali nalo.

Masiku amenewo mawu ngati amenewo ankatha kumusowetsa munthu. Abiti Sumani anatembenukira kwa ine, dzanja lawo lonyansalo ali chitambasulire kutali ndi thupi.

"Aphunzi, masulani mfundo ya chitenje changa apa, mutulutse khadi. Ine sindingaligwire ndi dzanja ili. Ndingalidetse ndi katundu wa a Thombozi."

Ndinamasula, ndinatulutsa khadilo, linali la chaka chomwecho. Wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa. Bwana analiyang'ana khadilo osaligwira, anati nkhaniyi aiona, n'kutuluka. Nkhuku sanadye. Galimoto yake inanyamuka amayi ovina asanamalize nyimbo yachiwiri.

Abiti Sumani anapita pamjigo. Anasamba mkonowo ndi sopo, kenako ndi phulusa, kenako ndi mchenga, mpaka khungu linafiira. Ndinkawapopera madzi. Atamaliza anasanza, kamodzi kokha, n'kutsuka m'kamwa, n'kupita kukaswali swala ya masana. Mbale yoyera ija anaiponya m'chimbudzi.

Ndikanakonda kunena kuti chilungamo chinatsatira. Sichinatsatire. Patapita masiku atatu anyamata a chipani anabwera n'kuwatenga Abiti Sumani. Anawasunga kuofesi yawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atawakhazika pansi padzuwa, akuwafunsa amene anawatuma. Anabwerako milomo itauma. Kumapeto kwa mwezi a Nkhoma anawaitana n'kuwauza kuti akalamba, akapume. A Thombozi anasiya kubweretsa masamba a anyezi, koma anapitiriza kubweretsa nyemba, zofumbwa ndi anankafumbwe, zothira timiyala kuti zilemere. Wophika watsopano ankaphika chilichonse chimene wapatsidwa. Ine a Nkhoma anandifunsa ngati ndinkadziwa za chiwembucho. Ndinati sindinkadziwa, ndinangowerenga sikelo. Ntchito yanga inapulumuka.

Abiti Sumani ndinakawaona kamodzi ku Ngokwe, patapita zaka zambiri, zipani zitachuluka kale. Ndinawapeza akutola thonje m'munda wa mdzukulu wawo, atawerama msana koma maso ali akuthwa. Asanandipatse moni weniweni anandithirira madzi kuti ndisambe m'manja, poti ndachokera m'basi. Anandiphikira mpunga ndi nandolo. Munalibe anyezi, ngakhale tsamba limodzi. Mdzukuluyo anandinong'oneza kuti chichokereni kuchipatala kuja agogo salola anyezi kulowa pakhomo pawo, akangomva fungo lake amasiya kudya.

Ndinayesa kupepesa. Ndinayamba ndi kunena kuti nthawi ija inali yovuta, aliyense ankaopa. Anandidula. Anati masamba aja sanawakwiyire, chifukwa chomera chilichonse ukachitsekera m'thumba chimawola, ndi mmene Mulungu anachilengera. A Thombozi nawonso, anati, anali wakuba wamba, ndipo akuba sadzatha. Chimene chinkawabwerera kukhosi mpaka tsiku limenelo chinali anthu ophunzira, ovala zoyera, amene ananunkhiza thumba lija ndi mphuno zawo n'kutenga cholembera.

"Inu munasaina kangati, aphunzi?"

"Kasanu ndi kawiri, amayi."

"Ndinkawerenga. Idyani, mpunga ukuzizira."

Sanandikhululukire ndi mawu, ndipo sanandithamangitse. Pobwerera anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundipatsa nandolo wouma m'kathumba, wosankhidwa bwino, wopanda kachitsotso ngakhale kamodzi.

Sabata yatha, nditamva za maliro, ndinakwera njinga ya kabaza kupita kumene kunali kachipatala kaja. Mawodi anagwa, njerwa anthu anatuta. Khitchini ndiyo yatsala makoma atatu, denga kulibe, malata anasasula kalekale. Pamene panali ng'anjo pamera chulu, ndipo chitedze chayanga pawindo. Pafupi pomwepo anayambitsa msika wa Loweruka, ndiye anthu a pamsikapo asandutsa khitchiniyo chimbudzi. Simenti yonse yadzaza ndowe za anthu ndi za mbuzi, zouma ndi zaziwisi, zitsononkho ndi mapepala. Ntchentche zobiriwira zinkadzuka gulu ndikangosuntha phazi.

Mnyamata wa kabaza anandiitana ali kumsewu, akuti mayi tiyeni, malo amenewo ndi onyansa, mukufunamo chiyani. Ndinamuuza kuti adikire. Ndinaima pakhomo pomwe panalibe chitseko, osatseka mphuno, mpaka maso anga anayamba kutuluka misozi chifukwa cha fungolo. Munalibenso munthu woti akalipe kuti: "Ngwamba!"